Simu yamapasa: nambala imodzi mafoni awiri, zoona kapena ukathyali?

Pali mphekesera imene ikuyenda m'misika ya kuno kumwera, ndipo pa Chitakale ku Mulanje yafika pokhazikika moti woitsutsa amaoneka ngati wotsalira. Ati alipo anyamata ena ozitsata amene angathe kukupangirani simu yachiwiri ya nambala yanu yomweyo, kuti kasitomala akaimba, foni ya bambo ndi foni ya mayi zizilira limodzi. Ena akuitchula kuti simu yamapasa, ena akuti simu ya fotokope. Dzina lililonse limene mungaipatse, ine ndinati ndiilondole bwino nkhaniyi, chifukwa masiku ano mu kanthu kakang'ono ngati chikhadabo kameneka ndi mmene mukugona mpamba wa anthu.

Kwa inu a mu Limbe, ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Zigwagwa amene simunapondeko, Chitakale ndi malo a malonda kufupi ndi pa boma la Mulanje, pamsewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo kukafika kuchipata cha Muloza. Pomwepa mpamene pamapatukira msewu wa ku Likhubula ndi ku Phalombe. Kutsogoloku phiri lili njoo, m'mbalimu minda ya tiyi ili biriwiri. Nanazi, nthochi ndi mapeyala sizisowa nyengo yake ikakwana, ndipo antchito a m'maesiteti akalandira, ndalama imazungulira ndithu. Anthu a geni kuno sakhala pansi. Lero ali pa benchi, mawa ali ku Limbuli kokapikula, mkuja ali pa minibasi ya ku Limbe.

Kuyenda-yenda kumeneku ndi kumene kwabala khumbo la simu yamapasa. Mayi wina amene ali ndi okala anandifotokozera vuto lake momveka bwino. Nambala imene makasitomala amaidziwa ndi imodzi, yolembedwa ndi penti pamwamba pa chitseko. Bambo akunyumba akamapita kumalire kokagula nyemba ndi chimanga amanyamula foniyo, chifukwa ndalama yopikulira ili momwemo. Tsono wina akabwera pa okala n'kunena kuti alipira pa foni, mayiwa alibe poonera ngati ndalama yalowadi. Akhulupirire uthenga umene kasitomala akuwaonetsa pa foni yake? Mauthenga onama alipo ambiri. Aimbe kwa bambo? Bambo ali pa njinga ya kabaza, sakumva. Katundu apereke kapena asapereke?

Ili ndi vuto lenileni, ndipo amene angaseke mayiwa sanagulitsepo ngakhale mulu wa tomato. Chondiwawa ine n'chakuti pamene pali vuto lenileni mpamene akathyali amaikapo msampha wawo.

Tinafika bwanji pamenepa?

Ine ndinabadwa mafoni a m'manja atafika kale, koma akulu-akulu amandiuza kuti kale munthu ukafuna kuimba lamya umachita kuphika ulendo wa ku positi ofesi. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, chaka chimodzi chitatha chisankho cha matipate, pamgwirizano wa bungwe la boma la mapositi ndi matelefoni ndi kampani ya Telekom Malaysia. Nthawi imeneyo foni inali ya mabwana, yokoleka pa lamba kuti aliyense aione. Celtel inabwera mu 1999, n'kusintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Mafoni otchipa aja tinkawatchula kuti Mose wa Lero atafika, ngakhale agogo kumudzi anayamba kufulasha.

Koma chimene chinasinthiratu zinthu ndi ndalama. Anzathu a ku Kenya anayamba M-Pesa mu 2007. Kuno Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013. Kuchokera pamenepo nambala ya foni inasiya kukhala yongoperekera moni. Inasanduka chikwama, inasanduka banki, inasanduka adiresi ya bizinesi. Amene wagwira nambala yanu wagwira thumba la m'chiuno lija amayi athu ankamangira pansi pa chitenje.

Mu simu muli chiyani?

Apa ndikupempha mundilole ndilowe pang'ono m'kalasi, chifukwa mukamvetsa izi palibenso mnyamata wa sikulu dalaiva amene angakupusitseni.

Choyamba, nambala yanu ija ya 088 kapena 099 sikhala kwenikweni mu simu ayi. Imakhala mu kaundula wa makompyuta a kampani. Mu simu mumakhala zinthu ziwiri zofunika. China ndi nambala yaitali ya manambala mpaka 15 yotchedwa IMSI, imene ili ngati dzina la simuyo. Masimu onse a ku Malawi nambala imeneyi imayamba ndi 650. Chinacho ndi kiyi wachinsinsi wotchedwa Ki. Kiyi ameneyu amadziwika malo awiri okha: m'kati mwa simu ndi mu kompyuta ya kampani. Salembedwa pa kakhadi, saoneka pa foni, ndipo simu inapangidwa mwakuti isamutulutse zivute zitani. Manambala amene mumawaona atasindikizidwa pamsana pa simu ndi ena, si kiyiyo.

Mukayatsa foni, chimene chimachitika chili ngati masewero a ndagi. Netiweki imaponya funso, nambala yongopeka imene imasintha nthawi iliyonse. Simu imatenga funsolo, n'kulisakaniza ndi kiyi wake uja m'kati momwemo, n'kubweza yankho. Kompyuta ya kampani nayo imawerengera payokha. Mayankho akafanana, chipata chatseguka, kaundula akuti munthu wathu ndi ameneyu, mupatseni nambala yake. Akasiyana, foni yanu ndi tochi basi. Onani kuti kiyi sanayende mu mphepo. Chayenda ndi funso ndi yankho.

Tsono wofuna kupanga simu yamapasa ayenera kutulutsa kiyi uja mu simu yanu ndi kumulemba mu simu ina. Kukopera maina a anthu amene munasunga si kupanga mapasa. Zimenezo ngakhale mwana wa Sitandade 8 amachita.

Kodi zinayamba zathekapo? Eya, ndipo bodza lokhalitsa limakhala ndi kachoonadi kake. Simu yoyamba inapangidwa mu 1991 ndi kampani ya Giesecke & Devrient ya ku Munich m'dziko la Germany, ndipo oyamba kuigwiritsa ntchito anali a ku Finland. Kwa zaka zingapo makampani ankadzitama kuti palibe angaithyole. Koma mu April 1998 anthu atatu ku America, Marc Briceno, Ian Goldberg ndi David Wagner, awiri omalizawa ali ophunzira pa yunivesite ya Berkeley, anaonetsa dziko kuti masamu osakanizira aja, otchedwa COMP128, anali ndi chibowo. Anapeza kuti ukaifunsa simu mafunso osankhidwa bwino pafupifupi 150,000, mayankho ake amaulula kiyi pang'ono-pang'ono. Ntchitoyo inkatenga maola ambiri, simu ili m'manja mwawo, yolumikizidwa ku kompyuta.

Apa mpamene panachokera timakina towerengera simu timene mpaka lero timagulitsidwa pa intaneti. Koma makampani sanagone. Anasintha masamuwo, ndipo masimu a masiku ano, maka-maka a 3G ndi 4G, amagwiritsa njira ina yolimba imene kamakina kaja sikangaithe. Masimu ena amawerenganso mafunso amene afunsidwa, akachuluka amadzitseka okha osadzukanso. Mwachidule, chimene chinatheka mu 1998 pa masimu a nthawi imeneyo si chimene mnyamata wa pa khonde la sitolo angachite pa simu imene munagula chaka chatha. Akamakuuzani kuti ali ndi makina, dziwani kuti makinawo ndi kiyi wa loko amene anachotsedwa kale pa chitseko.

Tiyerekeze kuti zatheka

Ngakhale zitatheka, maloto a mayi wa okala uja sangakwaniritsidwe. Netiweki imasunga malo amodzi okha a simu iliyonse. Foni ya bambo ikadzionetsa pa nsanja ya ku Muloza, kaundula amalemba kuti munthu wathu ali ku Muloza. Ya mayi ikadzionetsa pa Chitakale, kaundula amafufuta Muloza n'kulemba Chitakale. Woimba amapita kwa amene wadzionetsa pomaliza. Uthenga wa ndalama chimodzimodzi. Ndiye m'malo moti onse awiri aziona, aliyense aziona theka, osadziwa kuti theka linalo lapita kuti. Banja litha ndi ndalama ya nyemba imene palibe waiba. Komanso makompyuta a kampani akaona munthu mmodzi ali malo awiri nthawi imodzi amadziwa kuti pali chinyengo, ndipo angathe kuitseka nambalayo.

Achimwene ena obwerera ku Joni anandilumbirira kuti iwo anaziona ndi maso awo, bwana wawo ali ndi foni ya m'thumba ndi ya m'galimoto, nambala imodzi. Sindinawatsutse, chifukwa sankanama. Ku South Africa kampani ya Vodacom inkapereka chithandizo chotchedwa Twin Call, ndipo ku Germany kuli chotchedwa MultiSIM. Koma mvetsetsani: masimu amenewo amatulutsa ndi kampani yeniyeniyo. Simu iliyonse ili ndi dzina lake ndi kiyi wake, ndipo ndi kompyuta ya kampani imene imawamanga pa nambala imodzi. Si fotokope. Mwini kaundula yekha ndi amene angalembe maina awiri pa mzere umodzi, osati munthu wokhala pansi pa ambulera ndi machaja.

Enanso amasokoneza ndi mafoni a Tecno ndi itel olowa masimu awiri. Amenewo ndi manambala awiri mu foni imodzi, kutembenuza kwake kwa nkhani yathuyi.

Nanga anyamatawo akugulitsa chiyani?

Ndinacheza ndi mkulu wina wokonza mafoni amene wakhala pantchitoyi zaka zambiri, ndipo iye anaseka nditangotchula za mapasa. Anati anthu amabwera kudzamufunsa pafupi-pafupi, iye amawabweza, koma akudziwa kuti akachoka pa iye amakagwa m'manja mwa ena osabweza munthu.

Njomba yofewa ndi iyi. Wakutengerani foni, wakuuzani kuti mukazungulire kaye mumsika. Iye watenga simu ina wamba, wakoperamo maina anu, kenaka wadina timanambala pa foni yanu totumiza mafoni onse obwera ku simu yatsopanoyo. Mukabwera akuimba nambala yanu inu mukuona, foni yachiwiri ikulira. Mukuomba m'manja, mukulipira. Mukafika kunyumba mpamene muzindikira kuti foni yanu yeniyeni yasiya kulira, mauthenga a ndalama sakupita ku yachiwiriyo, ndipo mukaimba ndi yachiwiriyo anthu akuona nambala yachilendo. Mwagula ndi ndalama chinthu chimene chili kale mu foni iliyonse. Komabe ameneyu tinene kuti wakuchitirani chifundo.

Woopsa ndi uja amati ntchitoyi ndi yovuta, musiye simu igone, mubweretse chiphaso cha unzika, ndipo munene nambala yachinsinsi kuti makina aivomere. Abale anga, taganizani. Simu, chiphaso, nambala yachinsinsi. Chatsala n'chiyani? Zili ngati kupereka kiyi wa nyumba kwa munthu wosamudziwa, n'kumulozera pamene pali chikwama, n'kumuuzanso kuti galu ndamumangirira. Usiku womwewo angathe kutapa zonse, kukongola maunitsi m'dzina lanu, ndi kulembera abale anu a ku Joni kuti mwagonekedwa kuchipatala atumize msanga ku nambala ina.

Ndipo pali njira yachitatu imene siifuna n'komwe kuti simu yanu ichoke m'thumba. Iyi ndiye simu yachiwiri yeniyeni imene ikuliza anthu m'maiko ambiri. Foni ikatayika, mumapita ku kampani ndi chiphaso, amakupatsani simu yatsopano pa nambala yanu yakale. Ndi chithandizo chabwino zedi. Kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, namondwe wa Freddy atakokolola midzi mu March 2023, anthu ambiri anataya mafoni ndi ziphaso m'matope, ndipo njira imeneyi ndi imene imabwezera munthu nambala yake pamodzi ndi kangachepe kotsala momwemo. Koma khomo lolowera mwini nyumba mbala nayo imalidziwa. Wina akatola dzina lanu, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ndi manambala amene mumakonda kuimba, amakadzionetsa ngati ndinu, kapena amapeza wam'kati wokonda za m'manja. Simu yatsopano ikangodzuka, yanu imafa nthawi yomweyo. Si mapasa amenewa. Ndi kulanda. Woyamba amafa kuti wachiwiri akhale ndi moyo.

Musaganize kuti zimagwera osaphunzira okha. Mu August 2019 Jack Dorsey, amene panthawiyo anali mkulu wa kampani ya Twitter, anamulanda nambala mwanjira yomweyi, akathyali n'kuyamba kulemba zonyansa pa tsamba lake. Ngati anamuchita munthu wa makompyuta ngati ameneyo, nanga ife ogulitsa bonya?

Inde, wolanda nambala amafunikabe nambala yachinsinsi kuti atape ndalama. Koma tinene zoona, ambiri a ife nambala yachinsinsi ndi chaka chobadwa, chimene chalembedwa pa chiphaso chomwecho, kapena 1234. Ena timaitchula mokweza pa ejenti kuti atidinire chifukwa magalasi taiwala kunyumba. Kwa amene muli ndi akaunti ku banki, kumbukiraninso kuti timanambala totsimikizira tija mabanki amatumiza pa foni timapita kwa amene wagwira nambala nthawi imeneyo.

Kuno kwathu kuli vuto lina loonjezera. Tinazolowera kuti netiweki imathawa-thawa. Phiri limatchinga, magetsi amazima, ndipo ukayandikira kumalire foni imatha kuyamba kusaka za ku Mozambique. Ndiye foni ikangoti zii, munthu amati ibwera yokha, n'kupitiriza kuyeza nyemba. Maola amenewo ndi amene wakuba akugwirira ntchito. Langizo langa ndi lakuti netiweki ikasowa, funsani mnzanu wa benchi yoyandikana amene ali pa kampani yomweyo. Ngati iye ili bwino-bwino koma inu mulibe, ndipo mwazimitsa n'kuyatsanso koma osasintha, siyani zonse muthamange.

Za nsanje

Ndikananama ndikanati onse ofuna simu yamapasa ndi a bizinesi. Wokonza mafoni uja anandiuza kuti ambiri amabwera monong'ona, ndipo nambala imene akufuna kuikopa si yawo. Ndi ya akazi awo, ya amuna awo, kapena ya chibwenzi. Akufuna azimva zonse, aziwerenga zonse, mwini wake osadziwa. Bambo wamkulu ndi ndevu zake, kusiya ntchito pa esiteti kudzanong'oneza mnyamata kuti amuthandize kuzonda mayi a ana ake!

Anthu oterewa ndiwo ndiwo za akathyali, chifukwa akabedwa sangakadandaule. Ukanena chiyani ku polisi? Kuti ndimafuna kutchera khutu pa foni ya akazi anga ndiye andidyera ndalama? Ndipotu wakuba amafuna kuti mubweretse foni ya munthuyo mwakabisira pamodzi ndi chiphaso chake. Mwaba nokha katundu wa m'nyumba mwanu n'kukapereka. Ndalama ya feteleza ikasowa mudzayang'ana kudenga ngati simukudziwa kanthu. Zoterezi ankhoswe alipo, ndipo salipiritsa.

Dziwaninso kuti ndi mlandu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa kapena kutchera mauthenga a munthu wina popanda chilolezo, ndipo chilango chake ndi chindapusa ndi ndende. Lamulolo silinena kuti ukwati ndi chilolezo.

Boma likutipo chiyani?

Bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA, limene linakhazikitsidwa mu 1998, linalamula mu 2018 kuti simu iliyonse ilembetsedwe, potsatira lamulo la Communications Act la 2016. Apa n'kuti ziphaso za unzika zitayamba kuperekedwa mu 2017. Tinaima pamizere padzuwa, tikuuzidwa kuti kuba kwa pa foni kutha. Sikunathe. Mu 2023 a Daud Suleman, amene panthawiyo anali mkulu wa MACRA, ananena kuti Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pa foni. Apolisi nawo akhala akunena poyera kuti ena mwa mafoni achinyengowa amachokera m'kati mwa ndende ya Zomba. Munthu ali m'manja mwa boma kale, koma akuba ku Mulanje!

Chimene chinalakwika pa kalembera uja tonse tikuchidziwa. Anthu ena, pothawa mzere kapena posowa chiphaso, analembetsa masimu awo m'maina a anzawo, ndipo ena amagula masimu olembetsa kale. Izi zimathandiza akuba kubisala, koma zimapwetekanso osalakwa. Pa Chitakale pomwepa ndinapeza amalonda angapo amene sadziwa kuti nambala yawo ya bizinesi ili m'dzina la ndani. Wina inalembedwa m'dzina la mlamu wake amene anasamukira ku Tete. Tsiku limene foni idzatayike, kampani idzafuna mwini dzinayo, osati mwini nyemba. Ndipo kwa amayi amene mpamba wonse uli pa nambala ya bambo, ndikunena mosapsatira: imfa sipanganika. Tsiku loipalo likadzafika, achibale a mwamuna adzayamba ndi foni.

Ine pempho langa kwa makampani a mafoni ndi lakuti simu singasinthidwe popanda munthu wokhala pa kompyuta kudina batani. Munthu ameneyo ali ndi dzina, ndipo makina amasunga kuti anadina ndani, nthawi yanji, ali kuti. Wobedwa akabwera kudzadandaula asamangouzidwa kuti tikufufuza. Ndipo machenjezo asamangokhala pa Facebook m'Chingelezi. Bwerani m'misika tsiku la msika ndi chimkuzamawu, mulankhule Chichewa ndi Chilomwe, monga mmene mumachitira mukamagulitsa mabandulo.

Nanga mayi wa okala atani?

Njira zilipo, ndipo zambiri ndi zaulere. Ngati vuto ndi makasitomala a pa WhatsApp, kuyambira mu April 2023 kampaniyo inalola kuti akaunti imodzi izitsegulidwa pa mafoni angapo. Mumalowa pamene palembedwa Linked devices pa foni yaikulu, n'kujambula kachizindikiro kooneka pa foni yachiwiri. Basi, onse awiri mukuona maoda. Koma pomwepo pali chenjezo: njira yomweyi ndi imene munthu angakuzondereni nayo mukamubwereka foni kwa mphindi ziwiri. Muzilowamo kawiri-kawiri kuona mndandanda, mukapeza foni yosaidziwa ichotseni.

Ngati vuto ndi oimba, foni iliyonse imatha kutumiza woimba ku nambala ina. Kudina **62* kenaka nambala ya mnzanuyo ndi # kumachititsa kuti foni yanu ikakhala yozima kapena kunja kwa netiweki, woimba apite kwa mnzanuyo. Mukaika 61 m'malo mwa 62, apita mukapanda kuyankha. Kawiri-kawiri kampani imadula maunitsi kwa inu pa mafoni otumizidwa chotere, ndiye yambani mwafunsa mtengo. Kuti mufufute zonse, dinani ##002#. Ndipo ngati munasiyapo foni kwa wokonza, dinani *#21# muone ngati sanakutumizireni makasitomala kwina.

Koma za ndalama palibe chidule. Uthenga wa ndalama umapita ku simu imodzi basi. Choncho nambala ya bizinesi ikhale ya pa okala, isamayende. Igulireni kafoni kotchipa kamabatani, kazigona mu kabati. Bambo popita kokapikula atumiziridwe ndalama yokwanira ulendowo pa nambala yawo. Inde, mulipira kangachepe kotumizira, ndipo ndikudziwa kuti pa geni kangachepe ndi phindu la tsiku, koma kuli bwino kusiyana ndi kuyenda ndi mpamba wonse pa kabaza. Amene bizinesi yakula akafunse ku ofesi ya kampani za nambala ya amalonda yolandirira malipiro. Ndipo kasitomala akati watumiza, musakhutire ndi uthenga wa pa foni yake kapena wongofika pa yanu. Dinani nokha *211# kapena *444# muone ngati ndalama yakweradi.

Simu ikafa mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche kapena kuti Lolemba lifike. Bwerekani foni ya mnzanu, imbani ku nambala ya chithandizo ya kampani yanu, auzeni atseke akaunti ya ndalama nthawi yomweyo. Ngati muli ndi banki, imbaninso kumeneko. Uzani abale anu, maka-maka a kunja, kuti uthenga uliwonse wopempha ndalama wochokera pa nambala yanu asaumvere. Kenaka tengani chiphaso mupite ku ofesi ya kampani, mufunse kuti simu yasinthidwa liti ndipo kuti, mulembe pa pepala zimene akuuzani ndi dzina la amene wakuthandizani. Pepala limenelo mupite nalo ku polisi pa boma, ndipo kampani ikamazengereza, dandaulo lanu mukalitule ku MACRA.